Mawondo awiri pa inshuwalansi imodzi: lipoti la galu woduka mtsempha wa m'bondo

Wodwala ndi mbiri yake

Wodwala ndi galu wamkazi wa zaka 5, wosakanikirana ndi mtundu wa Labrador, amene anamuchotsa chiberekero ali ndi miyezi 7. Tsiku loyamba kumuona ankalemera makilogalamu 38, ndipo pa muyezo wa kunenepa wa 1 mpaka 9 anali pa 8. Nthiti sizinkamveka ngakhale utasindikiza ndi zala, chiuno nacho sichinkaoneka. Eni ake ndi banja lodalira malipiro a pamwezi, lopanda ndalama zambiri zosunga. Anamudulira inshuwalansi miyezi 14 m'mbuyomo ndipo sanaphonyepo kulipira.

Anabwera naye akutsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere. Kwa masabata pafupifupi 6 mwendowo unkauma akangodzuka, akayenda pang'ono n'kumasuka. Kenako tsiku lina akuthamangira mpira anakuwa kamodzi n'kubwerera mwendo uli m'mwamba. Eni ake ankaona kuti vuto linayamba tsiku la mpiralo. Kwa ife nkhani inali pa masabata 6 aja, ndipo tinawalemba m'faelo monga momwe mayi a pakhomopo anafotokozera.

Popeza mitengo imasiyana malo ndi malo, ndalama zonse m'lipotili zawerengedwa pa magawo 100. Magawo 100 ndiyo ndalama yonse imene inshuwalansi yawo inalonjeza kulipira pa matenda amodzi.

Zimene tinapeza

Akakhala pansi, mwendo wakumanzere ankautayira kumbali m'malo moupinda pansi pa thupi. Mbali yam'kati ya bondo inali ndi chotupa cholimba chimene chimabwera bondo likakhala likugwedera kwa nthawi yaitali. Ntchafu yakumanzere inali itayamba kuphwa, yochepa ndi masentimita 3 poyerekeza ndi yakumanja. Ali maso ankalimbitsa mwendo moti kuyeza sikunali kodalirika, choncho tinamubaya mankhwala omugonetsa pang'ono. Atafooka, fupa la msongolo linkatsetserekera kutsogolo tikagwira la ntchafu n'kukankha, ndipo linkachitanso chimodzimodzi tikapinda akakolo. Apa zinatsimikizika kuti mtsempha wakutsogolo wa cruciate, umene umagwira mafupa awiriwa m'kati mwa bondo, waduka wonse.

Akadali m'tulo momwemo tinajambula X-ray mawondo onse awiri ndi mafupa a m'chiuno. Kugonetsa galu kuli ndi mtengo wake, ndiye ndi bwino kujambula zonse zofunika pa ulendo umodzi. Kumanzere kunaoneka madzi ambiri m'bondo, timafupa tomera m'mphepete mwa polumikizira, ndi mutu wa fupa la msongolo wopendekeka madigiri 28. Bondo lakumanja linali lolimba poligwira, koma chithunzi chinaonetsa madzi atayamba kukankha mafuta amene amakhala kuseri kwa mtsempha wa mbale ya bondo.

Madzi akumanjawo ndi amene anasintha kaganizidwe kathu. Mwa agalu ambiri mtsempha wa cruciate suduka chifukwa cha ngozi yokha. Umatha pang'onopang'ono ngati chingwe chothetheka ulusi umodziumodzi, ndipo kudumpha komaliza kumangomalizitsa. Kunenepa, mtundu wa galu ndi kupendekeka kwa fupa zimawonjezera chiopsezo. Pafupifupi theka la agalu oduka mbali imodzi amadzadukanso mbali inayo, ndipo bondo limene likuonetsa kale madzi limakhala pa chiopsezo chachikulu koposa. Tinawauza eni ake tsiku lomwelo kuti tikukonzekera mawondo awiri.

Pangano la inshuwalansi

Tisanakambe za opaleshoni tinawapempha kuti abweretse pangano lonse, osati kapepala ka chidule kamene kamangoonetsa ndalama ya pamwezi. Ambiri a ife timaona ngati kuwerenga zimenezi si ntchito ya dokotala wa ziweto. Koma pa matenda ngati awa mawu a m'pangano amasintha chisankho cha opaleshoni mofanana ndi mmene X-ray imachisinthira.

Inshuwalansi yawo inali ya mtundu woika malire pa matenda aliwonse. Ndalama ikatha pa matendawo yatha basi, siibweranso chaka chatsopano chikayamba. Ulipo mtundu wina, wokwererapo mtengo, umene malire ake amayambiranso chaka ndi chaka, koma uwu sunali umenewo. Chilichonse chimene chinaoneka galu asanalowe inshuwalansi, kapena m'masiku 14 oyambirira, kampani sinkalipira. Mwini ankayenera kulipira yekha magawo 3 oyambirira. Ndipo pa tsamba lakumapeto panali mfundo yakuti matenda ogwira ziwalo ziwiriziwiri, monga mawondo, zigongono, maso ndi makutu, amawerengedwa ngati amodzi ngakhale chiwalo chachiwiri chidwale patapita zaka.

Bambo a pakhomopo atamva mfundo yomalizayi anakhala chete kaye, kenako anati, "Adokotala, ndiye kuti ndalama imeneyi tiyigawe pawiri?" Zonse zimene tinasankha pambuyo pake zinachokera pa funso limeneli.

Kukanidwa koyamba

Tinatumiza pempho loti kampani ivomereze opaleshoni isanachitike, pamodzi ndi mbiri yonse ya galuyo. Patatha masiku 6 yankho linabwera lokana. Chifukwa chake chinali mzere umodzi wa m'faelo ya chipatala china kumene galuyo ankapita kale, wolembedwa miyezi 5 asanalowe inshuwalansi. Mzerewo unangoti galu akutsimphina ndipo wapatsidwa mankhwala opha ululu a masiku 5. Mwendo sunatchulidwe, choyambitsa sichinatchulidwe.

Munthu woona mapempho ku kampani sanamuonepo galuyo, ali ndi pepala lokha. Akaona kutsimphina kopanda dzina la mwendo, kenako n'kuona pempho la bondo, amazilumikiza. Mayi aja anakumbukira kuti nthawi imeneyo galu anachekedwa ndi galasi kuphazi lakutsogolo, koma kukumbukira kwa mwini kampani siikutenga ngati umboni. Tinalembera chipatalacho kupempha china chilichonse cha tsikulo. Pa risiti panali bandeji, mankhwala otsukira bala ndi maulendo awiri osinthitsa bandeji. Pa pepala la namwino panalembedwa phazi lakutsogolo lakumanja. Dokotala amene anamuona analemba kalata yofotokoza, n'kuikapo deti la tsiku limene akulembalo, osakhudza zolembedwa zakale. Imeneyi ndiyo njira yake. Faelo yakale siifufutidwa kapena kuwonjezedwa mawu pakati, zowonjezera zimalembedwa padera ndi deti lake, apo ayi umboni wonse umakayikitsa.

Kampani inavomera patatha masabata 3. Masabata amenewa sanali aulere kwa galuyo. Bondo logwedera limapera meniscus, kachicherewecherewe kamene kamakhala pakati pa mafupa awiriwo, makamaka ka mbali yam'kati. Titayeza magazi kuona impso ndi chiwindi, tinamuyambitsa meloxicam, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu tsiku loyamba kenako 0.1 tsiku lililonse pamodzi ndi chakudya. Ankakhala m'kachipinda kosaterera, kutuluka ndi chingwe basi, osakwera masitepe kapena mipando.

Kusankha opaleshoni

Njira yosachita opaleshoni, yodalira kupuma, kuchepetsa thupi ndi mankhwala, imathandiza agalu ambiri osapitirira makilogalamu 15. Kwa galu wa makilogalamu 38 sitinaione ngati njira yopereka chiyembekezo. Zinatsala ziwiri. Yoyamba ndi yomanga ulusi wokhuthala wa nayiloni kunja kwa bondo, umene umaligwira kwa masabata angapo mpaka thupi litapanga minofu yolimba kuzungulira polumikizira. Iyi tikanaichita pa chipatala chathu pa magawo 30. Yachiwiri ndi TPLO, imene dokotala wa ziweto Barclay Slocum anaifalitsa mu 1993. Dokotala amacheka mutu wa fupa la msongolo mozungulira, kuutembenuza kuti kupendekeka kutsike kufika pa madigiri 5 kapena 6, n'kuumanga ndi chitsulo ndi masikuluwu. Zikatero galu akaponda, msongolo sukankhidwiranso kutsogolo ngakhale mtsempha palibe. Iyi inafunika katswiri wa mafupa, pa magawo 66.

Eni agalu akamva mtengo wotere amafunsa kuti ndalamazo zikupita kuti, ndipo ayenera kuyankhidwa ndi pepala lolemba chinthu chimodzichimodzi. Chitsulo ndi masikuluwu zimagwira ntchito pa galu mmodzi yekha. Sowo yochekera fupa, makina a X-ray, makina ogonetsera ndi owiritsira zida zonse zimafuna kugulidwa ndi kukonzedwa. Pa tebulo pamakhala wochita opaleshoni, womuthandiza, ndi wina amene ntchito yake ndi kuyang'anira mpweya, mtima ndi kuthamanga kwa magazi kuyambira poyamba mpaka galu atadzuka. Mankhwala a agalu amapita ndi kulemera, ndiye galu wamkulu amadya ndalama zambiri pa jakisoni yemweyo. Chinanso, m'mayiko ambiri munthu akadwala boma kapena inshuwalansi imabisa mtengo weniweni wa chithandizo, pamene wa chiweto umafika wonse m'manja mwa mwini.

Pa pepala, yankho la funso la bambo aja linali losavuta. Kumanga ulusi mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo zoyeza ndi zotsatira zake, kukanakwana m'magawo 100. Tinawaonetsa masamu amenewo poyera chifukwa inali njira yeniyeni ndipo anali ndi ufulu woisankha. Malangizo athu anali osiyana, pa zifukwa izi. Pa galu wa makilogalamu 38 wokhala ndi madigiri 28, ulusi umanyamula mphamvu yaikulu pa sitepe iliyonse ndipo ukhoza kutamuka kapena kuduka minofu isanalimbe. Zikatero opaleshoni yobwereza imadya thumba lomwelo. Bondo lakumanja likadzaduka, lakumanzere ndi limene lidzanyamule thupi lonse lakumbuyo kwa miyezi, ndiye liyenera kukhala lodalirika. Ndiponso ngati lakumanja lichedwa, galuyo adzakhala atatsika thupi, ndipo ulusi umagwira bwino pa galu wopepukirapo. Tinalangiza kuti opaleshoni yamphamvu ipite pa bondo loyamba, ndipo kuchepetsa thupi ndi kusunga ndalama kuyambe sabata yomweyo. Atakambirana kunyumba anavomera.

Pa opaleshoni anapatsidwa cefazolin, mankhwala opha tizilombo, mamiligalamu 22 pa kilogalamu asanayambe kucheka, n'kubwereza pa mphindi 90 zilizonse. M'kati mwa bondo meniscus inapezeka yosang'ambika ndipo sinakhudzidwe. Anamuika chitsulo cha mamilimita 3.5 ndi masikuluwu 6. X-ray ya pambuyo inaonetsa madigiri 6.

Kuchira, ndi bala lonyambitidwa

Tsiku lachisanu eni ake anamuvula kolala yapulasitiki yotchinga mutu chifukwa chomumvera chisoni, akuti ankagundagunda nayo m'makoma osagona. Usiku umodzi wokha unakwanira. M'mawa masentimita 2 a kumtunda kwa bala anali atatseguka, pofiira ndi pochucha. Tinatenga zoyeza kuti tidziwe mtundu wa tizilombo tisanasankhe mankhwala, tinatsuka, kolala inabwerera, ndipo anamwa mankhwala kwa masiku 14. Zinatha bwino pa magawo 4. Pa TPLO bala lotere si laling'ono, chifukwa chitsulo chili pansi pa khungu pomwepo, pamalo opanda mnofu wambiri. Tizilombo tikafika pa chitsulo timamatirira moti mankhwala satifikira bwino, ndipo nthawi zambiri chitsulocho chimayenera kuchotsedwa fupa likalumikizana. Imeneyo ndi opaleshoni ina. Mwini akauzidwa kuti kolala ikutchinga opaleshoni yachiwiri amaisamala kusiyana ndi akangouzidwa kuti asaivule.

Pa sabata ya 8 X-ray inaonetsa fupa likulumikizana bwino, ndipo pa sabata ya 12 anayamba kuyenda wopanda chingwe. Zonse za bondo loyamba zinakwana magawo 88: zoyeza 8, opaleshoni 66, mankhwala ndi maulendo otsatira 10, bala lija 4. Kampani inalipira 85. M'thumba munatsala 15.

Pa kulemera, tinafuna afike pa makilogalamu 30. Tinawerengera chakudya cha makalori pafupifupi 900 patsiku, choyezedwa pa sikelo osati ndi kapu, ndipo zonse zomupatsa pambali zinachotsedwa pa chiwerengero chomwecho. Ankabwera kudzakwera sikelo masabata awiri aliwonse osalipira kanthu. Sikelo siwonongetsa chipatala ndalama, koma imasunga banja pa dongosolo ndipo imatipatsa mpata woona mmene galu akuyendera polowa pakhomo. Pa miyezi 10 anafika pa 31. Makilogalamu 7 amenewa anatsitsanso mlingo wa mankhwala alionse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Banjali linkapatula magawo pafupifupi 2 mwezi uliwonse, ndipo linasonkhanitsa 18.

Bondo lachiwiri

Lakumanja linaduka m'mwezi wa 10. Eni ake anadziwa chimene chachitika, koma anakhala masabata 5 osabwera. Ankamupumitsa kunyumba ndi mankhwala otsala, akuopa kumva mtengo pamene ndalama sizinakwane. Atafika, bondo linkalira kuti khe likapindidwa ndi kuwongoledwa, ndipo galuyo ankamva ululu woposa wa ulendo woyamba. Zizindikirozi zinaloza ku meniscus yong'ambika.

Tsiku limenelo bambo aja anapempha, mwaulemu ndiponso mwamanyazi, ngati tingalembe kuti galu anagwa potsika galimoto, kuti kampani iwerenge ngati ngozi yatsopano. Pempho lotere limachokera kwa munthu amene wasowa pogwira, ndipo kumuyankha mwaukali kumangomuthamangitsa pamodzi ndi galu wodwalayo. Tinawafotokozera kuti sitingalembe chimene sichinachitike. Kampani inali kale ndi X-ray yoonetsa madzi m'bondo lomwelo miyezi 10 m'mbuyomo, ndipo timafupa tomera m'mphepete timatenga masabata kapena miyezi kuti tioneke. Bodza likadziwika kampani ikhoza kuthetsa pangano lonse n'kufuna ndalama zimene inalipira kale, ndipo dokotala wolembayo akhoza kulandidwa chiphaso chake. Titatero tinabwerera ku masamu, pamene panali chothandiza.

TPLO yachiwiri ndi zonse zake ikanafika magawo pafupifupi 80. Kuchotsa 15 a kampani ndi 18 osunga, panatsala 47 oti akakongole. Ulusi ndi zonse zake unali 42, kutsala 9. Tinawauza mosabisa kuti TPLO imabwezeretsa mwendo msanga ndipo pa agalu akuluakulu zotsatira zake zimaposa za ulusi. Tinawauzanso kuti galu wa lero si wa chaka chatha: watsika makilogalamu 7, ali ndi mwendo wakumanzere wolimba woti atsamire, ndipo banjali laonetsa kuti limatha kusunga malamulo a kupuma. Anasankha ulusi. Magawo 9 otsalawo tinagwirizana molemba kuti alipire m'miyezi 3.

Titatsegula bondo tinapeza meniscus yam'kati itang'ambika chakumbuyo, chidutswa chitapindikira kutsogolo. Tinachotsa chong'ambikacho chokha n'kusiya mkombero wabwino. Tinadutsitsa nayiloni ziwiri kuseri kwa kafupa kakang'ono kotchedwa fabella, kumbali yakunja ya fupa la ntchafu, n'kuzilowetsa pa bowo loboola kumtunda kwa msongolo, pafupi ndi polumikizira. Bowo likatsika kwambiri ulusi umakungika ndi kukhwepa mosiyana bondo likamapindika, n'kutha msanga. Tinakoka mpaka kutsetsereka kutatha koma bondo likupindikabe lonse, chifukwa kumangitsa kwambiri kumapotozera phazi kunja ndi kupanikiza polumikizira.

Popeza ndalama zolimbitsira thupi kwa katswiri panalibe, tinaphunzitsa mayi aja zochita kunyumba. Masiku 3 oyamba ankaika madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 10 mpaka 15. Ankapinda ndi kuwongola bondo pang'onopang'ono maulendo 10 mpaka 15, katatu patsiku. Kuyenda ndi chingwe kunayamba ndi mphindi 5 katatu patsiku, n'kumawonjezera mphindi 5 masabata awiri aliwonse ngati sakutsimphina mowonjezera. Kuyambira sabata ya 4 anayamba zomukhazika pansi ndi kumudzutsa, mwendo wodwalawo uli chakukhoma kuti asautayire kumbali. Kolala sinavulidwe mpaka ulusi wa pakhungu utachotsedwa tsiku la 14.

Kwa anzathu pa ntchitoyi

Mzere umodzi wosatchula mwendo unatsala pang'ono kuluzitsa banjali magawo 85, ndipo unachedwetsa opaleshoni ndi masabata 3. Polemba za kutsimphina tizitchula mwendo, malo, chimene tapeza, ndiponso zimene tayeza n'kupeza zili bwino. Mawu akuti mawondo onse ndi olimba, olembedwa tsiku la katemera, amateteza mwini patapita zaka. Kulemba koona kumagwira mbali zonse. Madzi a bondo lakumanja tinawalemba tikudziwa kuti kampani ina iliyonse idzakana bondolo, chifukwa dokotala wotsatira amafunika kudziwa zimenezo.

Masabata 5 aja ndi amene ayenera kutiganizitsa kwambiri. Banjali linali litauzidwa kuti bondo lachiwiri likhoza kuduka, linali litasunga ndalama, komabe mantha a bilu anawasunga kunyumba. Ndi bwino pomaliza bondo loyamba kuwapatsa eni ake pepala la mitengo ya njira zonse za bondo lachiwiri, yotsika yomwe, ndi kuwauza momveka kuti kubwera kudzayezetsa sikuwakakamiza kusankha opaleshoni tsiku lomwelo. Njira yotsika mtengo tiziitchula ndi ulemu womwewo umene timatchulira yokwera, ndi ubwino ndi malire ake. Mwini akaona kuti dokotala akuinyoza, sabweranso kudzaipempha, amangokhala kunyumba ndi galu wopweteka.

Kwa amene akufunsa za inshuwalansi galu akadali wamng'ono, makamaka wa mitundu ikuluikulu, pali mafunso oti akafunse asanasaine. Kodi malire ndi a chaka kapena a matenda? Kodi ziwalo ziwiriziwiri zimawerengedwa bwanji? Kodi matenda a mawondo ali ndi nthawi yawoyawo yodikira, poti makampani ena amaika miyezi 6? Kodi kampani imalipira chipatala mwachindunji, kapena mwini amayamba walipira n'kudzabwezeredwa? Nanga galu akakalamba, gawo la mwini limakwera motani?

Mmene alili tsopano

Patatha miyezi 6 chichitikire opaleshoni yachiwiri, galuyo akulemera makilogalamu 30 ndipo amayenda mphindi 40 osatsimphina. Akayenda kupitirira apo, mwendo wakumanja umauma m'mawa mwake. Poliyeza, bondolo limatsetsereka mamilimita 2 kapena 3 n'kuima molimba, zomwe zimayembekezeka pa njira ya ulusi, ndipo ntchafu yakumanja ndi yochepa ndi sentimita imodzi. Mawondo onse ali ndi nyamakazi. Amamwa meloxicam pa mlingo wotsika umene ukumugwira, ndipo magazi a impso ndi chiwindi amayezedwa miyezi 6 iliyonse. Zonsezi tsopano amalipira ndi eni ake.

Chaka cha inshuwalansi chitatha, ndalama ya pamwezi inakwera ndipo banjali linafunsa ngati lisamukire ku kampani ina. Tinawafotokozera kuti kampani yatsopano idzapatula mawondo onse ndi nyamakazi yake, mwinanso china chilichonse chimene chili m'faelo, pamene ya panopa ikulipirabe matenda ena onse amene galu wa zaka 7 angakumane nawo. Anakhalabe komweko, ndipo magawo 2 a pamwezi aja akupitiriza kuwapatula kuti azigulira mankhwala ndi kuyezetsa magazi.